Mbale za NyaMhango

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga Abambo munawapeza? Ngati munawapeza ndiye kuti mwayambiranso kukangana za mbuzi ija anagulitsa osakuuzani. Ndine Esinati, mwana wanu wachisamba, uja munkati pakamwa pake mpachigayo, sipapuma ngakhale pa Sabata. Ndakhala pakhonde kuno ku Area 25, kwa mdzukulu wanu Wyson, pensulo ili m'manja. Zilembo zanga ndi zomwe zija za ku sukulu ya kwacha, zokhotakhota ngati njira ya mbewa, ndipo zala nazo masiku ano zikuchita mwano. Koma kumeneko aphunzitsi ndi ambiri, wina akuwerengerani.

Chichokereni inu chaka cha chilala chija, pomwe tinkadya ufa wachikasu, dziko lasintha. Tinakavota, kuviika chala mu inki, ndipo tsopano munthu amanena za boma mu minibasi osacheukira kumbuyo. Koma shuga ndi sopo, Amayi, musafunse. Kwathu ku Dowa mvula ya chaka chino inagwa bwino. Achimwene adzaza nkhokwe, ndipo mtedza wa m'munda wanu wa kuchulu uja anditumizirako thumba. Nyumba yanu denga linagwa, m'katimo mwamera mpiru. Mango aja munabzala pakhomo mphepo inathyola nthambi imodzi, koma akubereka, ndipo ana a m'mudzi akuwagenda momasuka poti wowakalipira kulibe.

Wyson ali pa ntchito ya fodya ku Kanengo. Amachoka kusanache, amabwera kutada, malaya akununkha ngati chigafa. Anakwatira, Amayi. Anapeza mtsikana wa ku Rumphi ku kwaya ya kutchalitchi, timamutchula NyaMhango. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi ndipo tinamupatsa dzina lanu, Lonesi. Chipumi ndi chanu, ukali nawonso ndi wanu, makamaka bere likachedwa.

Tsopano khalani bwino ndikuuzeni chomwe chandigwiritsa pensulo.

Mukukumbuka masiku omaliza aja, ndikukusambitsani, munati, “Iwe, bwanji manja ako akuzizira ngati a chule?” Ndinaseka. Chimenecho chinali chiyambi chake. Kukazizira mu Juni zala zinkayera mbuu, kenako n'kuda, ndipo magazi akamabwerera ululu wake ngati waziika pamoto. Khungu la m'manja linayamba kukungika ndi kunyezimira ngati chikopa cha ng'oma yowamba. Makwinya a kumaso anatha, mpaka amayi a kutchalitchi ankandifunsa kuti ndikudzola mafuta anji. Pakamwa panayamba kuchepa. Chimanga chowotcha ndinachisiya, mzimbe ndinausiya. Zonsezo ndinati ndi ukalamba.

Kenako zinalowa m'kati. Ndikameza mbamu, inkatsika n'kukaima apa pachifuwa, ngati minibasi yofera pamlatho, osapita kutsogolo osabwerera. Ndimwe madzi, nawo ankangoima pamwamba pake. Ndiye chilungulira. Chilungulira ndinkachidziwa, ndili ndi pakati pa Wyson munkandiuza kuti mwana ali ndi tsitsi lambiri, n'kundinyambititsa phulusa. Koma ichi chinali china. Moto unkachoka m'mimba kukwera mpaka kukhosi, ndipo ndikangodzigoneka pamphasa madzi owawasa ankafika mkamwa ndi m'mphuno. Kunkacha ndili chikhalire, nditatsamira khoma, ndikutsokomola, mawu atasasa ngati tambala wokalamba.

Apa ndi pomwe pakulowa NyaMhango. Mwana ameneyu analeredwa ndi mwambo wa kwawo, ndipo anabwera nawo wonse osasiyako kanthu. Akaphika ankaika m'mbale zovundikira, n'kulowa kuchipinda kwanga chogwada, kuika mbale ndi madzi osamba m'manja pafupi ndi mphasa, kunena motsitsa kuti, “Amama, chakurya,” n'kutuluka chambuyo, katani n'kutseka. Kwawo mpongozi sayang'ana mkamwa mwa apongozi ake. Ngakhale umuitane, amakhala pakhomo atayang'ana kumbali. Choncho chilowereni m'nyumba muno anali asanandionepo ndikudya. Ankandidziwira pa mbale. Ndipo mbalezo zinkabwerera zodzaza.

Ine nanenso ndine mwana wanu. Munkati, “Ndiwo za mpongozi sazinena mchere.” Choncho za khosi langa ndinazibisa. Mwana wa eni anaganiza kuti kuphika kwake n'komwe kukuperewera, ndiye anawonjezera mphamvu. Mafuta anachuluka, tomato, anyezi, tsabola wa kambuzi. Anamva kuti anthu a ku Dowa timakonda nsima yolimba, anayamba kuphika yoti ukagenda nayo galu alira. Tiyi wakuda bii. Nyama yokazinga yoti anadzimana yekha. Chilichonse chomwe ankawonjezera pofuna kundisangalatsa chinali nkhuni pamoto wanga uja. Komanso chakudya chachikulu chinkadikira Wyson abwere, ndiye ukangodya ndi kumphasa.

Ndinaona nkhope yake ikugwa tsiku ndi tsiku akamatenga mbale. Ndinati mwanayu ndimuchitire chifundo. Ndinayamba kumakulunga chakudyacho m'pepala n'kukakwirira kudzala, kuseri kwa chimbudzi, kuti mbale zizibwerera zopanda kanthu. Njala yanga ndinkakathetsera kwa Abiti Juma, mnansi wathu wa ku Mangochi amene amagulitsa usipa pamsika. Iwo dzuwa likakwera amaphika phala la mpunga lamadzimadzi, ndipo limenelo lokha linkatsetsereka popanda mlandu. Ndinkapita ndi nkhani zanga, iwo n'kundipatsa kapu.

Tsiku lina anati, “Anaphiri, mwaondatu kuposa usipa wangawu. Anthu ayamba kunong'ona za matenda a masiku anowa.”

Ndinati, “Abiti, ine wamasiye wa kalekale, ndawatola kuti? Pampope?”

Anati, “Sekani, koma pitani kuchipatala.” Sindinapite.

Chinaulula ndi galu wa eni. Anafukula kudzala kuja n'kumwaza zonse pabwalo, mitanda ya nsima ndi ntchafu ya nkhuku yomwe NyaMhango anandiphera dzulo lake. Iye potuluka ndi tsache m'mamawa anazipeza. Pampope amayi otunga madzi anamumalizira nkhani yake. Anati apongozi ako amadya kwa Abiti, zako amakwirira, akuopa kuti uwathira mankhwala. Amayi, mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Ndi kumutcha munthu mfiti osatchula dzinalo.  M'mawa mwake NyaMhango anabereka Lonesi kumbuyo, anasenza chikwama, n'kupita ku Kawale kwa azakhali ake, iwo amati ankhazi. Uthenga unatumizidwa ku Rumphi kuti bambo ake adziwe kuti mwana wawo akubwerera. Mwana woyamwa amapita ndi bere, ndipo ku Rumphi si ku Kawale koti ungadzuke n'kukamuona.

Wyson anaima pakhomo la chipinda changa, chipewa chili m'manja. Anati, “Amayi, mkazi wanga anakulakwirani chiyani?” Mwana wamwamuna wamkulu sadya ndi amake, nayenso anali asanaone. Ndinamutuma buledi ndi madzi, n'kudya iye akuona. Sindinafike pakati. Anakhala pansi, anagwira kumutu, ndipo tsiku lotsatira sanapite ku Kanengo, ananditengera kuchipatala chachikulu.

Tinayenda maulendo angapo. Anatenga magazi, anandimwetsa zoyera ngati laimu wopakira nyumba n'kundijambula pachifuwa. Pamapeto tinakumana ndi dokotala wina wamkazi, wamng'ono ngati NyaMhango yemwe. Anayesa kutsina khungu la padzanja langa, linakana kunyamuka. Anati nditsegule pakamwa, anayang'ana, n'kukhala pansi kundifotokozera m'Chichewa chomveka. Anati thupi la munthu lili ndi asilikali ake olimbana ndi matenda, koma anga asokonezeka, akumenya mwini wake. Ndi amene akuumitsa khungu, ndipo aumitsanso njira ya chakudya, mwakuti siyikankha bwino. Pakhomo polowera m'mimba napo sipakutsekeka, n'chifukwa chake zowawasa zimabwerera kudzawotcha kukhosi.

Ndinati, “Ndiye kuti asilikali aukira boma?”

Anaseka, n'kuti, “Choncho kumene, Agogo.” Dzina lake ndi lachizungu, lalitali, Wyson amati sikelerodema. Anati si ufiti, si matenda anthu akunong'ona aja, ndipo sapatsirana. Mankhwala ochiritsiratu palibe, koma munthu amakhala nawo zaka akadziwa kuyenda nawo. Ndizidya pang'onopang'ono koma kawirikawiri, zofewa ndi zamsuzi, nditakhala chowongoka, ndikutafuna mpaka zisungunuke. Tsabola, zokazinga ndi tiyi wakuda ndizisiye. Ndisagone kapena kuwerama nditangodya, chakudya chamadzulo ndidye dzuwa likadalipo, ndipo pogona kumutu kukhale kokwera. Anandipatsa mapiritsi ndi botolo la mankhwala oyera oziziritsa moto uja. Soda yemwe ndinkanyambita mobisa anati ndimusiyiretu.

Wyson anathamangira ku Kawale ndi nkhani imeneyi, mtima uli m'malo. Anabwerako yekha. Ankhazi aja anamuyankha kuti, “Matenda osankha mphika? Kwa Abiti khosi limatseguka, kwa mwana wathu limatseka? Anyamata inu, pofuna mkazi mumapeka chilichonse.” Sindinawakwiyire. Ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi. Ndinakumbuka zomwe munkanena mukamaweruza milandu yathu tili ana, kuti khutu ndi mlendo, diso ndiye mwini mudzi. Ndinati chabwino, diso likaone.

Loweruka ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi. Kunali mphepo ya mu Julaye, ndiye m'manja ndinavala masokosi a Wyson, poti dokotala anati zala zisamazizidwe. Ndikukwera minibasi pamsewu waukulu, kondakitala anati, “Agogo, mukupita kukamenya nkhonya kuti?” Ndinati, “Ndiyambira iwe ukandipanikiza.” Basi yonse inaseka, n'kundipatsa malo kutsogolo. M'tauni ndinasintha, kukwera ya ku Kawale.

Ankhazi aja ndi mayi wamkulu, wamtali, wa magalasi, woti akakuyang'ana umakumbuka machimo ako. Anandilandira bwino, ulemu anthu a kumpoto sawamana. Anandikhazika pampando m'nyumba, kundifunsa za m'thupi ndi za kumudzi. Lonesi ndinkangomumva kuseri akulira. Mlendo ndi mlendo, anagwira nkhuku. Itakwana nthawi NyaMhango analowa chogwada, maso ali pansi, anaika mbale patebulo, n'kuyamba kubwerera chambuyo. Ankhazi nawo ananyamuka kuti andisiye ndidye.

Ndinati, “Ayi, lero musatuluke. Mwana wanga, khala apa, undiyang'ane mkamwa.”

Ankhazi anati, “Amama, kwathu zimenezo sitichita.”

Ndinati, “Kwathunso sitichita. Koma ndabwera dala. Mukaona, mukafuna mundithamangitse.”

Anakhala. Ndinavula masokosi aja n'kuika manja patebulo kuti awaone, zala zokhota zosatambasuka. Ndinasamba m'manja m'beseni lomwe anandiikira. Ndinatema kambamu kakang'ono, chifukwa dokotala anandichenjeza ndipo sindinapite kukadzipha. Koyamba kanatsika movutikira. Kachiwiri ndinakaphatikiza ndi kachidutswa ka nkhuku. Kanafika pamalo pake paja n'kuima.

Amayi, za manyazi ndinkaziona ngati ndimazidziwa. Misozi inatuluka yokha, malovu akuyenderera pachibwano, mawu osatuluka. Ndinaimirira, ndikudziguguda pachifuwa. Ndinamwa madzi, anabwerera m'mphuno. Mapeto ake ndinagwira beseni losambira m'manja lija n'kubweza momwemo, ine nkhalamba, pamaso pa mpongozi wanga ndi akuchikazi, m'nyumba ya eni yokolopa bwino. M'nyumbamo munkangomveka ine ndikupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Mpweya utabwerera ndinati, “Nkhuku yako ndi yokoma, mwana wanga. Inkakoma masiku onse. Lakana ndi khosi.”

NyaMhango ananyamula beseni lija n'kutuluka nalo. Ndinati basi, wapita. Koma anabwera ndi madzi ena ndi kansalu, ndipo ulendo uno sanakhale pakhomo. Anakoka kampando n'kukhala pafupi nane, bondo lake kukhudza langa. Anandipukuta pachibwano. Anatenga dzanja langa, kulitembenuza, kuyesa kutsina khungu. Anati, “Amama, nanga osanena bwanji? Ine ndimangowonjezera tsabola.”

Ndinati, “Nanga iwe osafunsa bwanji?”

Ankhazi anavula magalasi n'kuwapukuta ndi chitenje. Anati, “Nonse awiri ndinu zitsiru. Ulemu wanuwu ukanaika munthu m'manda.” Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, “Iwe, ukungokhala? Mlendo sanadye.”

NyaMhango anandifunsa kuti chimatsika n'chiyani. Ndinamuuza zonse za dokotala, chimodzichimodzi, iye akubwereza. Anatenga nkhuku ija, anachotsa mnofu, anausinja mu kamtondo, n'kuuphikanso ndi madzi opanda tsabola. Nsima anaisungunula mpaka inakhala ngati phala la mwana. Ndinadya ndi kasupuni ka tiyi, onse awiri akundiyang'ana, Lonesi ali pamiyendo pa ankhazi akukoka magalasi. Chakudya chinazizira ndisanafike pakati, koma palibe ananyamuka. Ndinamaliza. NyaMhango anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali asanaichotse.

Tsiku limenelo sanabwere nane. Ankhazi anati mawu anapita kale ku Rumphi, ndiye ayenera kubwezedwa mwa dongosolo lake, ankhoswe akhale pansi. Anakhaladi pansi. Sabata yotsatira ndili pakhonde lomwe lino, ndinaona munthu akukhota pa golosale, chikwama pamutu, mwana kumbuyo, ndipo m'manja atanyamula kamtondo kaja. Ankhazi anamupatsa.

Mmene tikukhalira tsopano mukanaseka. Wyson anandigulira bedi lakale pamsika, ine amene ndagona pamphasa moyo wanga wonse, ndipo miyendo ya kumutu anaikweza ndi njerwa. Masiku oyamba ndinkadzuka nditatsetserekera kumiyendo ngati thumba la chimanga pa lole, koma ndazolowera, ndipo madzi owawasa aja sabweranso kawirikawiri. Ndimadya ngati khanda, kangapo pa tsiku. M'mawa phala la nsinjiro za mtedza wanu uja. Dzuwa likakwera nthochi yakupsa kapena dzungu lophwanya. Masana futali, kapena nsima yofewa ndi therere, limene ndi bwenzi langa lenileni chifukwa limaperekeza mbamu mpaka kwawo. Abiti anamuphunzitsa NyaMhango phala la mpunga lija, ndipo tsopano amakangana kuti wophika bwino ndani. Ndimadyera pampando ngati bambo wa nyumba, chitenje nditamasula m'chiuno. Ndikatha kudya sindigwira tsache kapena kuchapa, ndimangoyendayenda pabwalo manja kumbuyo ngati kapitawo wa pa esiteti.

Chakudya chomaliza timadya dzuwa likangopendeka, ine ndi NyaMhango, pakhonde, anthu akudutsa. Wyson amadzadya yekha akabwera. Amayi a pampope ayamba nyimbo ina, akuti mpongozi wa masiku ano alibe mwambo, akudyera limodzi ndi apongozi ake ngati anzake. Dzana NyaMhango anawayankha ine ndikumva. Anati, “Mwambo ndinali nawo, munanditcha mfiti. Tsopano ndisiyeni ndidyetse amama.” Mwana wofatsa uja, Amayi! Ndinachita kuluma chitenje kuti ndisaseke mokweza.

Sindikunamizani kuti ndachira. Alipo masiku oti ngakhale madzi amachita makani, ndipo tsiku lotero ndimangonyambita phala ndi kudikira. Nthawi zina timapita kuchipatala n'kupeza mapiritsi kulibe, moto uja n'kubwerera. Zala zina zayamba tizilonda kunsonga, mabatani a bulauzi amandimangira ndi NyaMhango. Dokotala akuti njirayo ikadzachepa kwambiri pali kachitidwe kena koikulitsira, tidzaona ikadzafika nthawi. Koma pa sikelo ya kuchipatala muvi wasiya kubwerera m'mbuyo, ndipo mawu abwerera okwanira kukalipira ana oba mapapaya.

Ndikudziwa khalidwe lanu, Amayi. Mukangomva kuti mwana akudwala mumayamba kusesa ndi kukonza malo. Ndiye ndikuuziranitu, musandiyalire mphasa kumeneko. Sindikubwera msanga. Kuno ndili ndi mpongozi woti ndimudyere zophika zake, ndipo wandiuza kuti tsiku lomwe ndidzabise kanthu adzakanena kwa ankhazi, amene ndimawaopa kuposa matendawa. Ndikukulonjezani kuti ndidzadya, supuni ndi supuni, ngakhale chizizire, ngakhale anthu ayang'ane. Likakana khosi ndidzanena, likalola ndidzanenanso. Mvula ikadzatha ndidzabwera naye NyaMhango ku Dowa kudzalambula pamanda panu, mudzamuone nokha munthu amene akundisunga.

Ndamva supuni ikugogoda m'mbale, ndipo dzuwa lapendeka. Ndilekeze pano, chingazizire ndisanayambe n'komwe.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka pano,
Esinati Naphiri